Masiku awiri ku Kyoto: kodi nsungwi za ku Arashiyama n'zoyenera kuzithamangira?

Funso: "Mu Novembala ndikupita ku Japan kukachita maphunziro a mwezi umodzi mumzinda wa Kobe. Atiuza kuti padzakhala Loweruka ndi Lamlungu limodzi lomasuka, ndipo anzanga amene anapitako akuti ndisadzabwerere ndisanaone Kyoto, makamaka nkhalango ya nsungwi ija timaiona pa Facebook. Koma ine nsungwi ndakula nazo kwathu ku Zomba. Pali chachilendo kumeneko? Akachisi nawo akuti ndi osawerengeka, ndiyambire uti? Chinanso, ndine mkhristu. Kulowa m'malo amenewa sikundichititsa kupembedza nawo?" Mayi wa ku Zomba

Mayi, ku Kyoto mupite ndithu, koma musanyamule mndandanda wautali. Mzindawu uli ndi akachisi a Chibuda oposa 1,600 ndi malo opembedzera a Chishinto, chipembedzo chamakolo cha ku Japan, pafupifupi 400. Unali likulu la Japan kuyambira mu 794 mpaka pamene mfumu yaikulu Meiji inasamukira ku Tokyo mu 1869, ndiye mafumu, atsogoleri a asilikali ndi amonke a zaka zoposa 1,000 aliyense anasiyamo chake. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Kyoto sanapserere ngati Tokyo, Osaka ndi Kobe komwe mukakhaleko. Anali pa mndandanda wa mizinda yoti aponyemo bomba la atomiki, koma nduna ya zankhondo ya America, Henry Stimson, inaumirira kuti achotsedwepo. Wofuna kuona zonse m'masiku awiri amangoona misana ya alendo anzake ndi mipando ya basi. Malo atatu kapena anayi patsiku ndi okwana, ndipo chimene chimakometsa kapena kuwononga ulendo wa ku Kyoto kwenikweni ndi ola limene mwafikira pamalopo, kuposa dzina la malowo.

Mwezi wa Novembala wakugwerani bwino, ngakhale uli ndi vuto lake. Kuyambira pakati pa mweziwo mpaka kumayambiriro kwa Disembala masamba a mitengo ya momiji amafiira psuu, ndipo dziko lonse la Japan limakhamukira ku Kyoto kukaona zimenezi. Pa 23 Novembala ndi tchuthi cha boma, ndiye ngati masiku anu agwera pafupi ndi pamenepo, yembekezani khamu lenileni. Dzuwa limatuluka cha m'ma 6:30 m'mawa n'kulowa 5 koloko isanakwane, ndipo akachisi ambiri amatseka zipata pakati pa 4:30 ndi 5 koloko. Tsiku ndi lalifupi, m'mawa kumazizira, jekete musaisiye.

Tiyambe ndi nsungwizo. Zomwe mukuzidziwa inu, zolukira malichero ndi madengu zija, zimamera motsatana pa tsinde limodzi, n'kupanga chitsamba chothithikana chimene munthu sangalowemo. Za ku Arashiyama zambiri ndi za mtundu wotchedwa moso, umene unachokera ku China. Mizu yake imayanga patali pansi pa nthaka, n'kumatulutsa nsungwi imodzi apa, ina uko, iliyonse payokha, yowongoka ngati mzati, yotalika mpaka mamita 20 ndipo yonenepa moti dzanja limodzi siliyizungulira. Nthambi zili kumwamba kokha. Ndiye munthu amayenda pansi pa denga la masamba, kuwala kukudutsa mobiriwira, mphepo ikawomba nsungwi zikukhulana n'kumalira kuti kwee kwee. Phokoso limeneli bungwe la boma loona zachilengedwe ku Japan linaliika mu 1996 pa mndandanda wa maphokoso 100 oyenera kusungidwa m'dzikolo. Mphukira yake imatuluka mu Epulo ili kale ndi kunenepa kwake konse, ndipo m'miyezi iwiri yokha imafika msinkhu wake wonse. Pa masiku amene ikukula kwambiri imatha kuwonjezera pafupifupi mita imodzi patsiku. Kuyera kwa pansi kumene mudzaone sikuti n'kwachibadwa ayi. Pali anthu amene amapatulira, kudula zokalamba ndi kukonza mipanda ya nthambi zouma m'mbali mwa njira. Kumadera ena a Japan kumene eni minda anakalamba n'kuisiya, nsungwi zomwezi zasanduka vuto, zikulowerera m'nkhalango ndi m'minda ya anthu.

Chachilendo chilipo, koma anzanu mwina sanakuuzeni kuti njira yotchukayo ndi yaifupi, pafupifupi theka la kilomita. Mphindi khumi mwaimaliza. Ikangokwana 9 koloko imadzaza moti phokoso la nsungwi lija simungalimve, mumangomva la anthu ojambulana. Njirayi ilibe chipata, salipiritsa ndipo satseka, choncho mufike kukucha, 7 koloko isanakwane. Kuchokera pa siteshoni yaikulu ya Kyoto, sitima ya JR ya mzere wa Sagano imafika pa Saga-Arashiyama m'mphindi zosakwana 20. Ngati mwagona ku Kobe, sitima za Hankyu zimakufikitsani ku Arashiyama mutasintha pa Juso ndi pa Katsura, koma pamafunika kulawira kudakali mdima. Ine ndikanati mugone ku Kyoto kuyambira Lachisanu, kapena ku Otsu, mzinda wa pafupi ndi nyanja ya Biwa womwe uli mphindi khumi pa sitima, kumene malo ogona kawirikawiri amatsikirako mtengo. Mudzaona nsungwi zina zitalembedwa mayina ndi mpeni. Ndi alendo amachita zimenezo, ndipo nsungwi yotemedwa siipola, mapeto ake amaidula.

Pa nkhani ya nsungwi ndiponyepo kanthu kena. Thomas Edison atafunafuna chinthu choti chiziyaka nthawi yaitali mu babu lake lamagetsi, mu 1880 anapeza kuti kaulusi ka nsungwi za ku Yawata, kumwera kwa Kyoto, kamayaka maola oposa 1,000. Pa kachisi wa Iwashimizu Hachimangu kumeneko pali chipilala chomukumbukira mpaka lero.

Chimene chimandichititsa kutumiza munthu ku Arashiyama kwenikweni ndi munda wa kachisi wa Tenryu-ji, umene chipata chake chakumpoto chimatulukira m'njira ya nsungwi momwemo. Amatsegula 8:30. Kachisiyu anakhazikitsidwa mu 1339 ndi mtsogoleri wa asilikali Ashikaga Takauji pofuna kupepesa mzimu wa mfumu Go-Daigo, imene iye yemwe anaipandukira. Ndalama zitachepa anatumiza zombo ku China kukachita malonda kuti ntchito ithe. Nyumba zake zapsa kasanu ndi katatu, ndipo zimene zilipo n'zaposachedwa, koma munda wozungulira dziwe la Sogenchi udakali mmene anauyalira mmonke Muso Soseki zaka pafupifupi 700 zapitazo.

Munda wa ku Japan si wa maluwa ofoleredwa m'mizere ayi, ndipo amene amauyenda mothamanga amatuluka akudabwa kuti walipirira chiyani. Unapangidwa kuti uzioneka bwino kuchokera pamalo enaake, kawirikawiri pa khonde la nyumba ya mkulu wa amonke, munthu atakhala pansi. Mukhale pa khondelo mphindi 20. Poyamba muona dziwe ndi nsomba za koi. Kenako muona kuti tsidya lina la dziwe pali miyala yoimikidwa mosanjikizana ngati mathithi, koma madzi palibe, ndipo maso anu ndi amene akumalizitsa. Kenako muzindikira kuti simukudziwa pamene mundawo wathera, chifukwa mitengo ya kumapeto anaidulira kuti ilumikizane ndi mapiri a Arashiyama ndi Kameyama omwe ali kunja kwa mpanda. Luso limeneli amalitcha shakkei, kubwereka zooneka patali kuti zikhale mbali ya munda wako. Mu Novembala mapiriwo amakhala atafiira, ndipo kufiirako kumatsika mpaka m'madzi. Kulowa m'nyumba mwenimwenimo amalipiritsa kangachepe pamwamba pa mtengo wa munda, ndipo ndi ndalama yosadandaulitsa, chifukwa mkatimo mumakhala pa mphasa za tatami kuseri kwa khamu loyenda kunja.

Pofika 10 koloko anthu akamakhamukira ku mlatho wa Togetsukyo ndi m'mashopu, inu mulowere kwina, kumpoto. Mukayenda wapansi mphindi 30 kapena 40 kudutsa m'midzi ya Sagano, anthu amanka nachepa. Gio-ji ndi kakachisi kofolera udzu komwe bwalo lake lonse lakutidwa ndi ndere zobiriwira. Kupitirira pamenepo, mumsewu wa nyumba zakale wa Saga-Toriimoto, kuli Adashino Nenbutsu-ji. Kalekale dera limeneli linali lotayirako mitembo ya anthu osauka ndi opanda abale, ndipo timiyala tosemedwa pafupifupi 8,000 timene tinali mbwee m'tchire anatisonkhanitsa pamodzi kuti anthu amenewo azikumbukiridwa. Kuseri kwake kuli kanjira ka masitepe kodutsa m'nsungwi, kakafupi koma kachete, ndipo chithunzi chimene munachilephera m'mawa mungachipeze pamenepo. Mukumbukire kuti ndi manda, ndipo pakati pa timiyalato kujambula n'koletsedwa. Mukakwera pang'ono mufika pa Otagi Nenbutsu-ji pomwe pali ziboliboli zamiyala 1,200 za ophunzira a Buddha, zimene anasema anthu wamba pakati pa 1981 ndi 1991 motsogozedwa ndi mmonke wosema Nishimura Kocho. Palibe ziwiri zofanana. Ena akuseka, ena akuthirirana mowa, wina wanyamula kamera. Aliyense amene amaganiza kuti akachisi a ku Japan ndi malo a nkhope zolimba zokhazokha amatulukamo akumwetulira.

Masana, ngati miyendo ikadalola, kwerani kasitima ka mumsewu ka Randen, musinthe pa Katabiranotsuji, mutsike pa Ryoanji. Munda wa Ryoan-ji ndi bwalo la timiyala toyera topalasidwa m'mizere, lotalika pafupifupi mamita 25 ndi 10 m'lifupi, momwe muli miyala 15 yoikidwa m'magulu asanu. Mulibe mtengo, mulibe duwa, mulibe madzi. Paliponse pamene mungakhale pa khonde, mwala umodzi kapena kuposerapo umabisala kuseri kwa unzake. Amene anauyala sadziwika, ndipo sanasiye mawu ofotokoza tanthauzo lake. Ena amaonamo zisumbu panyanja, ena nyalugwe akuwolotsa ana ake pamtsinje. Ndinene mosabisa: alipo anthu amene amakhala pamenepo n'kuona miyala basi, ndipo sikuti alakwa. Koma yesani kaye kukhala mpaka gulu limene munafika nalo litachoka.

Kinkaku-ji, nyumba yagolide ija, ili mphindi 20 wapansi kuchokera pamenepo. Inali nyumba yopumirako ya mtsogoleri wa asilikali Ashikaga Yoshimitsu kuyambira mu 1397. Imene mudzaone si yoyambirirayo, chifukwa mmonke wina wachinyamata anaitentha mu 1950 ndipo anaimanganso mu 1955. Nsanjika ziwiri zapamwamba n'zokutidwa ndi golide weniweni wopyapyala. Mkati salowamo. Mumatsata njira imodzi, kujambula, kutuluka, theka la ola latha. Ndi yokongola, makamaka dzuwa likapendeka, koma ngati nthawi yathina, iyi ndi imene ndingaidumphe ndisanadumphe Tenryu-ji.

Lamlungu mulawirenso, ulendo uno wa ku Fushimi Inari, mphindi zisanu pa sitima ya JR ya mzere wa Nara, kutsika pa Inari. Awa ndi malo a Chishinto, a mu 711, operekedwa kwa Inari, mulungu wa mpunga amene pambuyo pake amalonda anamutenganso kukhala wawo. Zipata zofiira zija, zotchedwa torii, zilipo pafupifupi 10,000 m'phiri lonselo, ndipo chilichonse chinaperekedwa ndi kampani kapena munthu. Mukacheuka muona dzina la wopereka ndi tsiku zitalembedwa kumbuyo kwake. Ziboliboli za nkhandwe zimene zili paliponse ndi atumiki a Inari, ndipo zina zaluma kiyi wa nkhokwe ya mpunga. Pano sipatsekedwa usiku ndi usana ndipo salipiritsa. Phirilo ndi la mamita 233, kukwera ndi kutsika kumatenga maola awiri kapena atatu, koma pamwamba penipeni palibe poonera patali. Mukafika pamphambano ya Yotsutsuji, pafupifupi pakati pa ulendo, mwaona mzinda wonse ndipo mutha kubwerera.

Siteshoni yotsatira pobwerera ndi Tofukuji, pomwe pali kachisi wa dzina lomwelo. Mlatho wofolera wa Tsutenkyo umadutsa pamwamba pa chigwa chodzaza ndi momiji, ndipo mu Novembala anthu amapanikizana pamenepo kwambiri. Ambiri amaiwala minda inayi yozungulira nyumba ya mkulu wa amonke, imene Shigemori Mirei anaipanga mu 1939. Wakumpoto ndi wa miyala yamakona anayi yosinthana ndi ndere ngati bolodi la drafuti, imene imanka imwazikana mpaka kutheratu. Ukusonyeza kuti luso limeneli silinathe ndi makolo akale.

Ngati pali malo amodzi a mkati mwa nyumba oti musawaphonye, ndi Sanjusangen-do. Ndi holo yamatabwa yotalika mamita 120, yomangidwanso mu 1266 itapsa yoyamba, ndipo muli ziboliboli 1,001 za Kannon, amene Abuda amamulemekeza chifukwa cha chifundo chake, zopakidwa golide, zofika msinkhu wa munthu, zitaima m'mizere. Kujambula n'koletsedwa, n'chifukwa chake simuziona kawirikawiri pa foni, ndipo n'chifukwa chakenso anthu amayendamo mwakachetechete akuyang'ana ndi maso. Kiyomizu-dera, kachisi winanso wa Chibuda, muusungire madzulo. Chakumapeto kwa Novembala amautsegula usiku atayatsa magetsi m'mitengo. Unayambika mu 778, nyumba zilipozi ndi za mu 1633, ndipo khonde lake lalikulu laima pamtunda wa mamita 13 pa mizati yolumikizana popanda msomali. Anthu adzakhalapo ambiri ndithu. Njira ina ndi kusinthanitsa: ku Kiyomizu amatsegula 6 koloko m'mawa, ndipo Fushimi Inari amakomanso madzulo nyali zitayaka.

Mudzamva za Saiho-ji, kachisi wa ndere za mitundu pafupifupi 120. Kumeneko salowa wongotulukira. Pamafunika kusungitsa malo pasadakhale, mtengo wake ndi wokwera kangapo kuposa kwina, ndipo mlendo amayamba wakopera malemba a Chibuda asanalowe m'munda. Poganizira funso lanu lomaliza, mwina mungakonde kudziwiratu zimenezo.

Za chikhulupiriro chanu, mtima ukhale m'malo. Kupatula malo ngati amenewo, palibe amene adzakufunseni kugwada, kufukiza kapena kupereka nsembe. Mumagula tikiti n'kulowa ngati mlendo. Anthu a ku Japan ambiri amene mudzawaone nawonso abwera kudzaona masamba. Pa malo a Chishinto, omwe mudzawadziwe ndi chipata cha torii, opembedza amasamba m'manja ndi kutsuka mkamwa pa chitsime cha pakhomo, amaponya ndalama m'bokosi, kuwerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, kuweramanso kamodzi. M'kachisi wa Chibuda saomba m'manja, amangophatikiza zikhato. Inu mutha kuimirira pambali mwaulemu osachita chilichonse mwa izi, ndipo palibe amene angakhumudwe. Zithumwa za omamori ndi timapepala ta maula ta omikuji zimagulitsidwa paliponse, zokongola moti ena amagulira abale ngati mphatso osadziwa kuti n'chiyani. Zimenezo mudziwe musanagule. Pa Kiyomizu pali mitsinje itatu ya madzi a Otowa imene anthu amamwa popempha moyo wautali, nzeru za kusukulu kapena banja, ndipo nayonso ndi ya amene akufuna. Chimene eni malo amayembekezera kwa inu ndi khalidwe: kutsitsa mawu, kusajambula pamene aletsa, kusaimirira patsogolo pa munthu amene akupemphera. Ngati mukufuna kupita kutchalitchi Lamlungulo, matchalitchi alipo mumzindamo, kuphatikizapo lalikulu la Akatolika la pa Kawaramachi, pakatikati pa tawuni.

Nsapato mudzavula kambirimbiri, ndiye muvale zosavuta kuvula ndi sokosi zochindikala zopanda zibowo, chifukwa matabwa a m'makonde amazizira ngati madzi oundana. Malo ena amakupatsani jumbo yoti munyamuliremo nsapato zanu. Mukhale ndi ndalama zogwirika, makamaka zachitsulo ndi za 1,000 yen, popeza akachisi ambiri salandira khadi. Mitengo yolowera yambiri ili pakati pa 500 ndi 1,000 yen. Pa sitima ndi basi gulani khadi ya ICOCA mukangofika ku Kobe, imagwira ntchito konsekonse. Mabasi a mumzinda m'nyengo imeneyi amadzaza n'kumakusiyani pa siteji, ndiye pamene pali sitima, kwerani sitima, kwinako muyende wapansi. Mabini a zinyalala ndi osowa, aliyense amanyamula zake. Ndalama yothokozera woperekera zakudya sapereka, angakuthamangireni nayo poganiza kuti mwaiwala.

Chakudya cha ku akachisi, shojin ryori, chilibe nyama kapena nsomba, ndipo mkati mwa Tenryu-ji muli malo odyera otchedwa Shigetsu amene amaphika chimenechi. Chotchuka m'nyengo yozizira ndi yudofu, tofu (chakudya chopangidwa ndi soya) wowiritsa m'madzi otentha amene mumasunsa mu msuzi wa soya. Ndi chakudya chopepuka, ndipo munthu wozolowera kudya n'kukhuta angafune kudzawonjezera mbale ya udon, chakudya chonga spageti, pambuyo pake. Ngati simudya nkhumba muzifunsa, chifukwa msuzi wa ramen nthawi zambiri ndi wa mafupa a nkhumba ngakhale nyama isakuoneka.

Mukatsika ku Kiyomizu kudzera m'tinjira totsetsereka ta Sannenzaka ndi Ninenzaka, mumatulukira ku Gion, dera la ma geiko, akazi osangalatsa alendo ndi nyimbo ndi magule achikhalidwe, ndi ophunzira awo, ma maiko. Amenewa ali pa ntchito, akuthamangira kokasangalatsa alendo awo. Chifukwa cha anthu owathamangitsa ndi makamera ndi kuwakoka zovala, eni dera analetsa kujambula m'tinjira tawo kuyambira mu 2019, ndipo zikwangwani zimatchula chindapusa cha 10,000 yen. Mu 2024 tinjira tina anatitsekeratu kwa alendo. Muyende mumsewu waukulu wa Hanamikoji. Pobwerera ku Kobe, mutha kuwoloka mtsinje wa Kamo n'kukwera Hankyu pa Kyoto-kawaramachi, kapena kupita pa siteshoni yaikulu n'kukwera sitima yothamanga ya JR yotchedwa shinkaisoku, imene imafika pa Sannomiya m'mphindi pafupifupi 50 popanda tikiti yapadera.